NJERWA ZA MAKOLO, ANANSI A LERO

Mawu a Mulungu: Yoswa 4:1-9, 19-24, Yeremiya 29:1-7, Marko 11:15-19

Phunziro lathu la ulendo uno likunena za matchalitchi akale amene ali pakati pa mizinda yathu, makamaka muno mu Blantyre, ndi za anthu amene amakhala kapena kupeza chakudya chawo pafupi nawo. Atsogoleri a magulu, yambani mwawerenga mokweza ndime zitatu zili pamwambazi, kenaka muwerenge phunziroli mosathamanga, ndipo musiye nthawi ya mafunso amene ali kumapeto. Amayi a kumaparishi a kumidzi, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya eni tauni okha. Ana anu ndi adzukulu anu ndi amene adzaza m'tauni muno, ndipo ena mwa iwo amaswera tsiku lonse pafupi ndi mipanda ya matchalitchi amene tikunenawa.

Mzinda unapeza tchalitchi chilipo kale

Mlendo akatsika basi pa Wenela nafunsa njira, kawirikawiri womulondolera amatchula malo a mishoni. Amati, "Mudutse pa HHI," kapena, "Mukatsike pa CI." Ngakhale kondakitala wa minibasi amene sapemphera kulikonse amatchula mainawa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mzinda umadziwa bwino pamene matchalitchi ake ali.

Izi sizodabwitsa, pakuti Blantyre anamera mozungulira mishoni. Amishoni a mpingo wa ku Scotland anakhazikitsa mishoni yawo pano m'chaka cha 1876, naitcha dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Kuyambira 1888 mpaka 1891 anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene abale athu a CCAP akupempheramo kufikira lero. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanapite kusukulu ya zomangamanga, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo. Mabuku amatchula dzina la Scott, koma mapazi amene anaponda dothi ndi manja amene anayala njerwazo anali a makolo athu a dziko lino. Pambuyo pake mipingo ina inamanganso nyumba zake, nafenso a Anglican tinamanga zathu, monga St Paul's pakatikati pa Blantyre ndi St George's ku Zomba.

Masitolo, mabanki, maofesi ndi misika zachuluka nyumbazi zili chiimire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Blantyre munali anthu oposa 800,000. Anthu zikwizikwi amadutsa pa zipata za matchalitchi athu tsiku ndi tsiku. Iwo amatidziwa pamene tili. Kodi ife timawadziwa?

Kumene ife tinachokera

Tiyeni tikumbutsane chiyambi cha mpingo wathu m'dziko muno. Mu July 1861, pa mudzi wa Mbame, kufupi ndi pamene pali mzinda wa Blantyre lero, gulu la Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie linakumana ndi anthu 84 amene ankatengedwa kupita ku ukapolo. Ambiri mwa iwo anali amayi ndi ana. Zingwe zinadulidwa, magoli anachotsedwa m'khosi, ndipo anthu aja, posowa kolowera, anatsagana ndi Bishopu kupita ku Magomero. Amenewa ndiwo anali anthu oyamba a pa mishoni yathu. Tisanakhale ndi nyumba ya njerwa, belu kapena mabenchi, tinali kale ndi amayi opanda kwawo ndi ana osadziwa kumene makolo awo ali.

Bishopu Mackenzie anamwalira mu January 1862, ndipo patapita kanthawi mishoni inasamukira ku Zanzibar. Kumeneko msika wa akapolo utatsekedwa m'chaka cha 1873, Bishopu Edward Steere anatsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha Christ Church pamalo penipeni pamene anthu ankagulitsidwa. Mishoni itabwerera kunyanja, Akhristu a pa Likoma anayamba kumanga St Peter's m'chaka cha 1903, ndipo inapatulidwa mu 1911. Malo akewo amatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti.

Taonani, amayi, malo amene makolo athu m'chikhulupiriro anasankha. Anapita pamene munthu analira kwambiri, naika guwa la Mulungu pomwepo, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti pano munthu sadzagulitsidwanso kapena kuwotchedwanso. Umenewu ndiwo mwambo umene tinalandira. Tchalitchi cha Anglican chikakhala pakati pa mzinda koma osamva kulira kwa anthu a pamenepo, ndiye kuti chaiwala mayi wake.

Miyala ya ku Giligala

M'buku la Yoswa tawerenga kuti Aisraeli atawoloka Yordano pouma, anthu khumi ndi awiri anatenga mwala aliyense kuchokera pakati pa mtsinje, ndipo Yoswa anaimika miyalayo ku Giligala. Chifukwa chake chinali chimodzi: tsiku lina ana adzaiona nafunsa, ndipo makolo adzapeza mpata wofotokoza zimene Mulungu anachita. Miyalayo payokha sinkayankhula. Inkadikira mwana wofunsa ndi kholo loyankha.

Matchalitchi athu akale ali ngati miyala imeneyi. Koma tinene zoona. Ana athu ambiri abatizidwa m'nyumbazi, alimbitsidwa ndi Ambuye Bishopu, ena mpaka amangitsa ukwati, osamvapo ngakhale tsiku limodzi kuti nyumbayo inamangidwa liti, ndi yani, ndiponso movutikira bwanji. Maina olembedwa pa zipupa timangowapukuta fumbi osawawerenga. Mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro ali m'makabati, kwina chiswe chayamba kale kuwalawa. Chonsecho m'mabuku amenewa muli mbiri ya mabanja a mu mzinda uno. Munthu amene makolo ake anamwalira ali wamng'ono atha kupeza m'menemo dzina la mayi wake ndi la amene anamuimira pa ubatizo.

Tilinso ndi agogo pakati pathu amene anaona ndi maso awo zinthu zimene ife timangomva. Alipo amene akukumbukira chimwemwe cha m'chaka cha 1965, pamene Josiah Mtekateka anadzozedwa kukhala bishopu woyamba wa Chimalawi mu mpingo wathu. Alipo amene akukumbukira mantha ndi chiyembekezo cha 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo, ndipo mipingo inayamba kuyankhulira poyera za ufulu wa anthu. Tikapanda kuwafunsa lero, mawa tidzangowaimbira nyimbo kumanda, nkhani zawo zitapita nawo.

Kodi anansi athu ndani?

Lamulungu m'mawa bwalo la tchalitchi limadzaza. Timabwera kuchokera ku Chilomoni, ku Chirimba, ku Machinjiri, ku Nkolokosa, ku Namiwawa, ena pa minibasi, ena pa galimoto zawo. Misa ikatha timapatsana moni, timamva zolengeza, aliyense n'kubwerera kwawo. Ambiri a ife sitigona pafupi ndi tchalitchi chimene timapempheramo.

Lolemba kumabwera anthu ena. Pali mayi wogulitsa nthochi ndi mandasi, mwana ali kumsana. Pali mnyamata wa kabaza amene akudikira wokwera pa ngodya. Pali mlonda amene wachezera usiku wonse pa sitolo. Pali mtsikana wantchito ya m'nyumba amene abwana amuthamangitsa osamulipira, ndipo alibe ya basi yobwererera kumudzi. Pali wachinyamata amene wayenda maofesi onse ndi envulopu ya masatifiketi, mayi amene akudwazika m'bale wake kuchipatala cha Gulupu, ndi ana ogona m'makonde a masitolo. Amenewa ndiwo amakhala ndi tchalitchi chathu masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Ife eni ake timangofika tsiku limodzi.

Mwambo wathu wa Anglican umatiphunzitsa kuti parishi ndi dera. Wansembe akaikidwa pa parishi, amapatsidwa udindo wosamalira miyoyo ya anthu a m'dera limenelo, kuphatikizapo amene maina awo sali m'kaundula wa zopereka. Ngati zili choncho, mayi wa nthochi uja ndi wa parishi yathu, ngakhale atakhala wa mpingo wina, Msilamu, kapena wosapemphera n'komwe.

Apa m'pamene kalata ya mneneri Yeremiya ikutikhudza. Anailembera Ayuda amene anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo. Iwo mtima wawo unali ku Yerusalemu, ndipo ankangodikira tsiku lobwerera. Yeremiya anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana, ndipo afunire zabwino mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera, popeza mzindawo ukakhala pamtendere iwonso adzakhala pamtendere. Nafenso ambiri timati kwathu ndi ku Likoma, ku Nkhotakota, ku Malindi kapena ku Matope, kuno tinangobwera kudzagwira ntchito. Takhala m'tauni zaka 30, ana anabadwira momwemuno, koma tikuonabe Blantyre ngati pongodutsa. Kukonda kumudzi sikulakwa. Koma Mulungu watiika pano, ndipo adzatifunsa za pano.

Tsiku limene tinakhala chete

Tikufuna tiulule chinthu chimodzi chimene chinachitika pa tchalitchi china cha m'tauni, chimene sititchula dzina, pakuti chikanatha kuchitika paliponse. Linali tsiku la msonkhano wathu wa pakati pa sabata, nyengo ya dzinja. Tinali mkati, titavala yunifolomu yathu, tikuphunzira za Msamariya wachifundo. Mvula inayamba ya mphamvu. Mayi wina wogulitsa malonda analowa pa geti akuthamanga, beseni pamutu, mwana kumsana, nadzaima pa khonde. Mlonda anapita kukamuuza kuti atuluke, pano si pa msika. Mayi uja sanayankhe kanthu. Anafunditsa mwana chitenje, nasenzanso beseni lake, n'kubwerera mu mvula.

Tinaona zonsezi pa zenera, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anadzuka. Mlondayo sitingamuimbe mlandu, chifukwa anangotsata lamulo limene ife tomwe tinagwirizana nalo ku khonsolo ya tchalitchi. Tinapitiriza phunziro lathu, tinatseka ndi pemphero, tinabwerera kwathu. Koma ena a ife usiku umenewo tulo sitinatione. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo lija tinali ife.

Pa Marko 11 tawerenga za Ambuye Yesu akugubuduza magome a osintha ndalama m'Kachisi. Malondawo ankachitikira m'bwalo lakunja, malo okhawo amene munthu wosakhala Myuda ankaloledwa kufika kuti apemphere. Tsono chimene chinawawa mtima wa Ambuye ndi chakuti mlendo analandidwa malo ake. Anawakumbutsa zimene mneneri Yesaya analemba, zoti nyumba ya Mulungu ndi yoti mitundu yonse ya anthu ipemphereremo. Anawakumbutsanso chenjezo la pa Yeremiya 7, pamene anthu ankadzitama ndi Kachisi ngati chithumwa, uku akupondereza mlendo, mwana wamasiye ndi mayi wamasiye. Yeremiya anawauza kuti apite ku Silo akaone chimene chinatsala pa malo opatulika akale. Ukale wa nyumba suiteteza pamaso pa Mulungu.

Nanga akuba? Nanga ndalama?

Tikudziwa kuti ena mwayamba kale kufunsa mumtima, ndipo mafunso anu ndi oona. Mipanda sinamangidwe chifukwa cha nkhanza. Matchalitchi abedwa zikho za pa guwa, zokuzira mawu, mipando ngakhale mipopi. Nyumba yakale imadya ndalama: malata amadontha, matabwa a denga amafumbwa, zipupa zimang'aluka, ndipo mabilu a magetsi ndi madzi sadikira. Palinso chopereka cha ku dayosizi ndi chisamaliro cha wansembe ndi banja lake. N'chifukwa chake maparishi ena amabwereketsa holo ku maukwati, kapena kulola anthu a m'maofesi kuimika galimoto pabwalo polipira. Sitikunena kuti zimenezi ndi tchimo. Nyumba imene makolo anatisiyira ikagwa chifukwa cha kusasamala kwathu, umenewonso ndi mlandu.

Koma tidzifunse. Ngati geti limatsekulidwa kwa galimoto yolipira, bwanji silingatsekulidwe kwa munthu wofuna kugwada mphindi zisanu? Nehemiya atamaliza kumanga linga la Yerusalemu anaika zitseko, koma anaikanso alonda a pa zipata ndi nthawi yotsekulira. Khomo limatha kukhala lotsekula popanda kubedwa ngati pali munthu wokhala pamenepo. Loko ndi wotchipa, munthu ndi wodula, ndipo ife tinasankha loko.

Luka akutiuza za Anna, mayi wamasiye wokalamba, amene sankachoka ku Kachisi, akupemphera ndi kusala zakudya usana ndi usiku. Tsiku limene banja losauka la ku Nazarete linafika ndi khanda ndi nsembe ya mbalame ziwiri, Anna analipo. Akanakhala kuti amangobwera pa masiku a chikondwerero, bwenzi ataphonya Mpulumutsi. Mu mpingo wathu muli amayi ambiri opuma pa ntchito, aphunzitsi, anamwino, makalaliki, amene ali ndi nzeru ndi nthawi. Mwina Mulungu akukuitanani kuti mukhale Anna wa parishi yanu.

Zimene Freddy ndi kolera zinatiphunzitsa

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakantha chigawo chakumwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Anthu mazanamazana anafa, ena matupi awo sanapezeke, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Masiku amenewo palibe anafunsa mnzake kuti ndiwe wa mpingo uti. Amayi a mipingo yosiyanasiyana anasonkha zovala, mabulangeti, ufa ndi ndowa, anaphika m'misasa, anakhala pansi ndi ofedwa. Tinaona ndi maso athu kuti zitseko zimatha kutsekuka ndipo mpingo sugwa.

Nanga n'chifukwa chiyani tidikire namondwe? Mayi amene mwamuna wake wamumenya usiku ndi kumutaya kunja, Freddy wake wafika usiku womwewo, ngakhale wailesi siilengeza. Ndiponso pa tsiku la tsoka, mpingo umene umadziwa anansi ake ndi maina ndiwo umazindikira msanga kuti wakutiwakuti sakuoneka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimodzimodzi kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matendawa amayenda ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi. Mayi wogulitsa malonda m'tauni amakhala pamsewu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Kodi amasamba kuti m'manja asanayamwitse mwana? Akafuna kudzithandiza amapita kuti? Kuseri kwa mpanda wathu kuli mpopi ndi chimbudzi zimene zimakhala zokhoma sabata yonse. Ambuye anati ngakhale chikho cha madzi ozizira chopatsidwa kwa wamng'ono sichidzaiwalika. Uthenga Wabwino nthawi zina umayambira pa mpopi.

Ntchito imeneyi ndi yathu

Bungwe lathu la Mothers' Union linayamba m'chaka cha 1876, chaka chomwecho chimene mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa. Mary Sumner, mkazi wa wansembe wa ku Old Alresford ku England, anaitana amayi a m'parishi yake, olemera ndi osauka omwe, kuti abwere kunyumba ya wansembe adzathandizane za kulera ana. Pa msonkhano woyamba anagwidwa ndi mantha kotero kuti mwamuna wake ndiye anayankhula m'malo mwake, koma sabata yotsatira analimba mtima nayankhula yekha. Bungwe limene lafalikira m'maiko ambiri linayamba ndi mayi mmodzi wamantha amene anatsekula chitseko kwa anansi ake. Pa zolinga zisanu zimene tinalonjeza tsiku lovala yunifolomu, china chimatiuza kuteteza ana ndi kulimbikitsa zinthu zothandiza mabanja kukhazikika pakati pa anthu, china chimatiuza kuthandiza amene mabanja awo agwa m'mavuto. Palibe pamene panalembedwa kuti mabanjawo akhale a Anglican okha.

Tikupempha nthambi iliyonse ya m'tauni kuti ikambirane ndi Bambo wansembe ndi khonsolo ya tchalitchi, ndipo isankhe chimodzi kapena ziwiri mwa izi:

1. Kuyendera anansi. Tituluke awiriawiri tsiku la pakati pa sabata, tizungulire misewu yoyandikana ndi tchalitchi, tipereke moni kwa ogulitsa malonda, alonda ndi a kabaza, tidziwe maina awo, tifunse chimene chimawavuta. Ulendo woyamba tipite kukamva, ulaliki udzabwera nthawi yake.

2. Ola la khomo lotsekula. Kuyambira 12 koloko mpaka 1:30 masana, masiku awiri pa sabata, amayi awiri akhale pakhomo mosinthana. Wofuna kupemphera alowe, wofuna kukhala chete akhale, wofuna kulira apeze womugwira dzanja. Zinthu zamtengo wapatali zikhomedwe m'chipinda chovalira ansembe.

3. Mpopi ndi chimbudzi. Tiwerengere bwino mtengo wa madzi ndi sopo pa mwezi, tipangane ndi amayi ogulitsa malondawo za nthawi ndi kasamalidwe kake. Anthu akapatsidwa ulemu amasamala chinthu ngati chawo.

4. Ana a m'misewu. Ndalama yapamanja imawasunga pamsewu. Ndi bwino kuwadziwa, kufufuza kwawo, ndi kugwira ntchito limodzi ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Pa chitetezo cha anawo ndi chathu chomwe, wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda.

5. Banki mkhonde ndi maphunziro a ntchito zamanja. Pamene tili nazo kale, tisiye malo a amayi a m'dera amene si a mpingo wathu.

6. Kusunga mbiri. Tione mmene mabuku a kaundula alili, tiwachotse ponyowa. Tikhale pansi ndi agogo, atsikana athu alembe kapena ajambule mawu awo pa foni. Pa tsiku la woyera mtima wa parishi, tiyende ndi ana a Sande sukulu m'tchalitchi monse tikuwafotokozera chinthu chilichonse.

Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Mvano, amayi a Katolika ndi amayi a Chisilamu ali pafupi nafe, ndipo anansi athu ndi awonso. Tiwaitane. Ndipo tichenjere ndi chinthu chimodzi: thandizo lathu lisakhale nyambo. Munthu asauzidwe kuti uyambe wabwera ku Misa ndiye utunge madzi. Ku Yopa, mzinda wa padoko, Dorika atamwalira, amayi amasiye anaimirira pamaso pa Petro akulira, akumuonetsa zovala zimene anawasokera. Umboni wake unali pa matupi a anansi ake, ndipo ambiri mu mzindamo anakhulupirira Ambuye.

Mawu otsiriza

Ophunzira a Yesu anachita chidwi ndi kukula kwa miyala ya Kachisi, koma Iye anawauza kuti idzagwetsedwa yonse, ndipo zinachitikadi m'chaka cha 70 pamene Aroma anawononga Yerusalemu. Mpingo sunathe, chifukwa monga Petro akunenera m'kalata yake yoyamba, okhulupirira ndiwo miyala yamoyo imene Mulungu akumangira nyumba yake, Khristu ali mwala wa pangodya. Tisamale njerwa za makolo, tizikonde, tizikonze. Koma tikumbukire kuti mayi wa beseni uja sanakumane ndi njerwa tsiku lija. Anakumana ndi ife.

Aliyense apite kwawo ndi funso ili: tchalitchi chathu chitatsekedwa mawa, kupatula ife a Lamulungu, ndani wa m'dera lino amene angamve kuti wataya kanthu?

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi tchalitchi chathu chinamangidwa liti, ndipo ndani mwa ife angathe kufotokozera mwana mbiri yake?
2. Tchulani maina a anthu asanu amene amagwira ntchito kapena kugulitsa malonda pafupi ndi geti lathu. Ngati talephera, zikutiuza chiyani?
3. Ndi malamulo ati a pa tchalitchi pathu amene amateteza katundu koma n'kuthamangitsa munthu? Tingawakonze bwanji popanda kuika katunduyo pa ngozi?
4. Pa mfundo zisanu ndi imodzi zija, tiyamba ndi iti, liti, ndipo atsogolere ndani?

Pemphero

Mulungu Atate wathu, tikukuthokozani chifukwa cha makolo amene anaumba njerwa ndi kutimangira nyumba zopemphereramo. Tikhululukireni pa masiku amene tinaona mnansi ali mu mvula ife n'kukhala chete. Dalitsani mizinda yathu, ogulitsa m'misika, oyendetsa minibasi, alonda a usiku, odwala ndi owadwazika, ndi ana amene alibe pogona. Tonthozani mabanja amene akulirabe abale awo otengedwa ndi madzi. Patsani nzeru Ambuye Bishopu, ansembe ndi makhonsolo a matchalitchi athu. Ife amayi mutichotsere mantha ndi ulesi, kuti aliyense wofika pakhomo la nyumba yanu apeze munthu womulandira. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.